Mkaka M'diso la Abambo

Nsaru,
Lilongwe.
9 Julaye 2024

Okondedwa achimwene a Limbani,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Kepitauniko ndipo maphunziro akuyenda. Kuno tadzuka. Tamandani wayamba kukwawa, ndipo alamu anu a Nowa anamaliza kusankha fodya sabata yatha. Moni wanga wathera pomwepa, achimwene, chifukwa mtima wanga ukupsa. Nkhani ndi ya diso la abambo, ndipo inu ikukukhudzani kwambiri.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati kale. Pafoni simundipatsa mpata. Ndikangoti "achimwene," inu mwayamba kale za labotale yanu, za aprofesa anu, za mphepo ya kumeneko, kenako "mlongo, ndithamange kaye." Pepala silidula munthu mawu. Ndilijambula tsamba ndi tsamba n'kukutumizirani pa Watsapu, ndipo muwerenge lonse. Musadumphe mizere monga munkadumphira Tikuoneni Maria amayi akatigwaditsa pa Kolona.

Mukukumbukira uthenga wamawu munatumiza pa Pasaka uja? Ine ndinauloweza, poti abambo anandiuza kuti ndiuseweretse kanayi pabwalo, anthu a mphakati wathu atakhala pamikeka titachoka ku Misa. Munati, "Abambo, ntchito yathu ikuyenda bwino. Thupi la munthu lili ndi chitetezo chobadwa nacho, timapuloteni ting'onoting'ono tomwe ife timati mapeputaidi. Timapezeka m'misozi, m'malovu, ngakhale mumkaka wa m'mawere. Tikathira pa tizilombo tija timabweretsa zilonda za pamilomo ndi mashingozi, timafooka ife tikuona. Mankhwala a mawa ali m'thupi mwathu momwemu!" Kenako munaseka kaseka kanu kaja.

Abambo mukuwadziwa. Munthu wakhala katekisiti zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, akamva mawu okoma sasunga m'thumba. Anaimirira, nakweza foni yanga m'mwamba, amvekere, "Mwamva, abale? Mulungu anaika mankhwala m'bere la mayi, ndipo mwana wanga waona ndi maso ake!" Azimayi nthungululu kuti lululu. Inenso ndinaimba nawo, sindikana. Ndinanyada tsiku limenelo, ndinayenda mapewa ali m'mwamba mpaka kumjigo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene simunanene, achimwene. Simunanene kuti zonsezo zimachitikira m'timbale tagalasi. Mawu anayi okha amenewo anakukanikani? Uthenga wa mphindi zitatu, wodzaza ndi "ife asayansi," munasowamo malo oti muikemo zimenezo?

Kumapeto kwa Meyi abambo anayamba kudandaula mutu. Ankathandiza a Nowa m'chigafa, ndiye tinkati mwina ndi fumbi la fodya. Iwo amvekere ayi, ukuwawa mbali imodzi, kumanzere, ukutentha ngati wina wawapaka tsabola pansi pa khungu. Tsiku lachitatu m'mawa ndikukawapatsa madzi osamba ndinaona matuza pachipumi, kumanzere kokhakokha, ena atatsikira mpaka kunsonga ya mphuno. Ndinatula ndowa pansi. Ndinadziwa kuti ndi mashingozi, ndipo iwonso anadziwa, chifukwa anandiyang'ana kamodzi n'kulowa m'nyumba. Potuluka anali atavala chipewa chaulusi, atachikokera mpaka m'nsidze. Kunali kutayamba kuzizira, ndiye palibe anadabwa.

Ndinagwada pakhomo n'kunena kuti, "Abambo, tiyeni kuchipatala lero lomwe."

Iwo amvekere, "Kuchipatala kukatani?"

"Akakuoneni, abambo. Zafika pafupi ndi diso."

"Rozaria, pabenchi ya kuchipatala paja pamakhala ndani? Si akhristu anga omwe? Ndikakhale pamenepo nkhope ili chonchi? Amako anamwalira zaka zisanu zapitazo. Anthu akati a Jailosi akatenga kuti zimenezi, ndiwayankha chiyani? Lamulungu ndikaima kutsogolo azimva Uthenga kapena aziyang'ana chipumi changa?"

Inu mwakhalitsa kunja, mwina munaiwala. Kuno munthu akatuluka mashingozi anthu safunsa zambiri, amangoyang'anizana n'kunena kuti wakatenga kachilombo. Abambo ankaopa zimenezo kuposa ululu. Kenako anayang'ana Tamandani ali kumbuyo kwanga, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Iwe ukuyamwitsa. Mchimwene wako ananena kale mankhwala ake. Usauze munthu, ngakhale mwamuna wako, ngakhale Limbani yemweyo. Lumbira."

Ndinalumbira, achimwene. Ndinatenga kapu, ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndinafinya bere. Mwana wamkazi kufinya bere chifukwa cha bambo ake omubala, manyazi ake mukuwadziwa inu? Ndinkawapatsa kapuyo nkhope nditayang'ana kumbali, iwonso ankalandira atayang'ana kumbali.

Tsopano tsegulani foni yanu, mupite pa 29 Meyi. Mupeza kuti ndinakulemberani tsiku lomwelo, mtima utakana kukhazikika. Ndinati, "Achimwene, zija munanena za mkaka wa m'mawere ndi mashingozi n'zoona?" Inu munayankha msangamsanga kuti, "N'zoona ndithu mlongo, dzulo lomweli taonanso," n'kuikapo kachithunzi ka mkono wotupa nyama. Basi. Koma inu! Mayi wa ku Nsaru, wosiyira sukulu Fomu 2, akufunsani za mashingozi Lachitatu m'mawa, munkaganiza kuti ndikukonzekera mayeso? Osafunsa n'komwe kuti, "Bwanji mlongo, wadwala ndani?" Munthu wophunzira chonchi, funso laling'ono ngati limenelo osakufikirani m'mutu?

Inenso ndili ndi mlandu wanga, ndipo sindiubisa. Ndikanalemba kuti ndi abambo, mwina mukanadzidzimuka. Sindinalembe, ndinasunga lumbiro. Nditaona yankho lanu mtima unakhala pansi, ndinati ophunzira avomereza, ine ndine yani. Tchimo limenelo ndinakaulula kale kwa ansembe, koma kuulula sikunandichotsere. Likundidya mpaka lero.

Masiku asanu ndi anayi, m'mawa ndi madzulo. Poyamba tinkapaka pamatuza ndi kansalu. Chikope chitatupa, abambo anati ndidontheze m'diso momwe ndi kasupuni. Ankati akamva kuzizira kwake amvekere, "Ukuona, kukuphwa." Matuza aja anayambadi kuuma n'kusanduka nkhanambo, ndipo abambo anasangalala ngati mwana. Ankati akachira akachitira umboni kumphakati. Ine diso lija silinkandisangalatsa. Linali psuu, misozi osaleka, ndipo kuwala kwa dzuwa ankakuthawa ngati kukuwabaya. Lamulungu anatumiza uthenga kutchalitchi kuti ali ndi chimfine, awerenge wina. Kenako pakati pa diso panayamba kuchita mbuu.

Tsiku lakhumi ndinawapeza m'chigafa ali okha. Anali ataphimba diso lakumanja ndi chikhatho, atayang'ana kukhomo kumene ndinaima ine. Sanandione. Ndinaima pamenepo, munthu wamkulu ndi mwana kumbuyo, dzuwa likuswa mtengo, abambo atandiyang'ana ndithu koma osandiona.

Ndinati, "Abambo, mukuona chiyani?"

Anadzidzimuka, n'kutsitsa dzanja. Amvekere, "Utsi."

Mayo ine! Chibadwire sindinawakwezerepo mawu abambo, koma tsiku limenelo ndinakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Ndinati lumbiro lija lithere pomwepa, kaya anditemberera anditemberere. Ndinathamangira kudimba kukaitana a Nowa n'kuwauza zonse. A Nowa anangondiyang'ana, n'kupita kukatenga wa njinga yamoto. Kundiyang'ana kumeneko kunandipweteka kuposa akanandikalipira.

Kuchipatala cha mishoni tinapeza dokotala wachizimayi, wamng'ono kwa ine, dzina lake a Ethel. Anavula abambo chipewa chija pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti matuza anatuluka liti. Nditati masiku khumi apitawo, anafunsa kuti tapakapo chiyani. Ndinanena. Anaika cholembera pansi.

Anati, "Mayi, mapiritsi a matenda amenewa tili nawo m'kabati umu. Amagwira bwino munthu akabwera masiku atatu oyambirira, makamaka zikakhala kumaso chonchi. Munali kuti?"

Koma abambo, diso likutuluka misozi choncho, anadzikonza pampando amvekere, "Adokotala, mwana wanga ndi wasayansi ku Kepitauni. Rozaria, aseweretsere amve okha." Ndinaseweretsa, achimwene. Mawu anu anamveka m'chipinda chija, ndi kaseka kanu komwe. Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

A Ethel anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo ulemu wawo sindidzauiwala. Anati, "Bambo, mwana wanu sananame. Timapuloteni timeneto tilipodi, ndipo anthu ophunzira akutifufuza. Koma iwo amatisefa, amatiyeza, n'kutithira pa tizilombo m'timbale tagalasi. Kuchoka pamenepo kufika poti akhale mankhwala opatsa wodwala, ulendo wake ndi wa zaka. Mkaka wa m'kapu si zimenezo ayi. Ndipo diso likakhala ndi bala, chilichonse chodonthezamo chikhoza kulowetsa tizilombo tina." Anatiuzanso kuti matuza a mashingozi amauma okha nthawi yake ikakwana, upake usapake. Anati kachilombo kake ndi komwe kaja ka katsabola amene tinadwala tili ana, kamagona m'mitsempha zaka ndi zaka, n'kudzadzuka munthu akakalamba kapena thupi likafooka, ndipo zimagwira aliyense.

Anawapempha kuyeza magazi, abambo anavomera mutu uli pansi. Achimwene, alibe. Kachilombo kaja ankaopa kuti anthu awanena nako, alibe. Chimene tinkabisa masiku khumi pansi pa chipewa kunalibe n'komwe! Ndinatuluka panja n'kukhala pansi pa mtengo, osadziwa kuti ndilire kapena nditukwane, ndipo nditukwane ndani.

Anatipatsa mapiritsi ndi mankhwala odontheza, n'kutilembera kalata yopita kwa madokotala a maso ku tauni. Tayenda maulendo atatu. Koma ndisanakuuzeni za kumeneko, imvani zimene zachitika kumudzi kuno, chifukwa n'zimene zandipsetsa mtima mpaka kugwira cholembera.

Nkhani itamveka, azakhali a Tereza, alongo awo a abambo, anabwera kuchokera ku Nambuma kudzazonda. Anakhala masiku awiri akundiyang'ana cham'mbali. Tsiku lachitatu anandipeza kumjigo, azimayi ali mbwee, amvekere mokweza, "Rozaria, kodi nthawi imene unkafinya mkaka ija, iwe ndi a Nowa munkagona padera?" Mukudziwa zonena za kwathu, kuti mkazi amene akukhala malo amodzi ndi mwamuna wake ndi wotentha, sayenera kukhudza mankhwala a wodwala. Azakhali anati, "Mankhwala a Limbani ndi abwinobwino, mwana uja ndi wophunzira. Koma mkaka unali wotentha, ndiwo wawotcha diso la achimwene anga."

Ha! Ndiye mwamva? Inu muli ku Kepitauni mwavala chijasi choyera, dzina lanu lili mbee. Ine amene ndinasiya mwana akulira kuti ndifinyire abambo, ine amene ndachapa nsalu za mafinya, ndakwera njinga yamoto ndi fumbi lonse lija, ndine ndaotcha diso. Za kuchipinda kwanga zikukambidwa pamjigo. Ndikamadutsa atsikana amatsinana. Mayi wina anachotsa mwana wake wodwala pamkeka nditangokhalapo. A Nowa akapita pa bawo anzawo amawaseka kuti analephera kupirira masiku khumi okha.

Ndinafotokoza zimene a Ethel ananena, za timbale tagalasi. Azakhali amvekere, "Iwe udziwa kuposa mchimwene wako?" Ndinatembenukira kwa abambo, poti iwo anamva okha ndi makutu awo kuchipatala kuja. Ndinati, "Abambo, auzeni." Abambo anangoti zyoli, n'kumakonza chipewa chawo. Sananene kuti ndine wolakwa, koma sananditetezenso. Kuti anditeteze anayenera kunena kuti mawu a mwana wawo wamwamuna anali operewera, ndipo zimenezo pakamwa pawo sizingatuluke. Ndinalira tsiku limenelo, achimwene, kulira kwa mkwiyo.

Ndipo musaganize kuti uthenga wanu uja unathera pabwalo pathu. Anthu anatumizirana. Uli ku Nambuma, uli ku Msundwe, wina anaumva mpaka ku Mpingu. Sabata yatha a Natalia, oyandikana nafe aja, ndinawapeza atagwira kapu akupita kwa mpongozi wawo amene ali ndi khanda. Mdzukulu wawo anali ndi zilonda pamilomo, diso limodzi litafiira. Anati akufuna mkaka wa munthu wozizira, osati ngati wanga. Ndinawalanda kapuyo n'kuiponya patchire, ndinawakalipira ngati si akulu, mpaka anapita naye kuchipatala mwanayo kuti angothana nane. Panopa sakundiyankhula. Zilibe kanthu, mwana akuona.

Dzulo ndi pamene tinapita ulendo wachitatu ku tauni. Adokotala a maso, bambo wachikulire wa imvi, anawalitsa katochi m'diso la abambo nthawi yaitali. Kenako anawauza kuti aphimbe lakumanja, n'kufunsa kuti, "Bambo, mukuona dzanja langa?"

Abambo amvekere, "Eya, ndikuliona."

"Zala zingati?"

Anayang'anitsitsa. Ine ndinali pambali. Kenako ananena ndi mawu awo a patchalitchi aja, olimba bwino, "Zitatu."

Achimwene, adokotala anali atakunga chibakera. Panalibe chala ngakhale chimodzi choimirira.

Anatikhazika pansi n'kutiuza mosabisa. Chipsera chaphimba diso lonse, ndipo matenda analowa mpaka m'kati. Diso lakumanzere silidzaonanso. Chimene angathe n'kuchepetsa ululu, chifukwa mpaka lero chipumi chimawabaya ngakhale kamphepo kakangowakhudza. Lakumanja lili bwino, koma lokha limatopa msanga. Akawerenga mizere itatu zilembo zimayamba kusakanikirana. Buku la mawerengo a Lamulungu lija analipereka kale kwa a Felix, owathandiza kutchalitchi, osauza munthu.

Pobwerera tinakwera minibasi n'kutuluka m'tauni. Kenako anandigwira dzanja, chinthu chimene sanachitepo chikulire changa, n'kunena kuti, "Rozaria, usamuuze Limbani. Watsala pang'ono kumaliza, angasokonezeke mutu. Akafunsa uziti ndili bwino." Taonani, diso lapita, koma nkhawa yawo ili pa inu. Ndinayankha kuti, "Chabwino, abambo." Ndinanama. Ndinasunga chinsinsi chawo kamodzi ndipo mwaona chimene chinabala. Kachiwiri ayi, ngakhale andikane kuti sindine mwana wawo.

Tsono mverani chimene ndikufuna, ndipo sindikupempha mogwada. Jambulani uthenga wina lisanafike Lamulungu likubwerali, chifukwa mphakati ukumana kwathu. Muyankhule Chichewa cha ku Nsaru, osati chosakaniza chija. Munene kuti zimene mumachita zikadali m'timbale, sizinafike pa munthu. Munene kuti wotuluka matuza otentha mbali imodzi athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kuti mashingozi si umboni wa chiwerewere. Munene kuti m'diso musamadonthezedwe mkaka wa munthu aliyense, wotentha kaya wozizira. Ndipo mutchule dzina langa, achimwene. Munene ndi pakamwa panu kuti Rozaria sanaotche diso la abambo. Ine ndanena mpaka mawu asasa, sakundimva. Inu akumverani, ngakhale mutanena kuti mwala ndi mbatata akumverani. Ndidzauseweretsa kanayi, azakhali atakhala kutsogolo.

Sindikuti musiye sukulu. Mukayerekeza kusiya ndiye mudzandiona bwino. Khalani komweko, muwerame pa timbale tanuto mpaka mankhwalawo adzakhale enieni, oti a Ethel adzatulutse m'kabati n'kupatsa munthu. Koma kuyambira lero mukamayankhula ndi anthu a kwanu muzikumbukira kuti mawu anu kuno sitimvera kukoma kokha, timachita. Ndikadali wokwiya nanu, ndipo sindikudziwa kuti ndidzaleka liti. Komabe ndinu achimwene anga, amene munkandibereka powoloka dambo popita kusukulu, ndipo n'chifukwa chake zikundiwawa chonchi.

A Nowa akupereka moni, ati musadandaule za iwo, kusekedwa sikupha. Tamandani sakukudziwani, koma ndimamuonetsa chithunzi chanu. Azakhali a Tereza ati ndikuuzeni kuti amakunyadirani, ndiye ndakuuzani. A mphakati onse akuti moni kwa adokotala athu.

Abambo ali pakhonde pano pamene ndikumaliza, akuwotha dzuwa chipewa chili kumutu. Andifunsa kuti ndikulemba chiyani chachitali chonchi, ndawauza kuti ndi moni wopita kwa inu. Asangalala. Ati ndilembe kuti ali bwino, akudya bwino, ndipo amakupemphererani m'mawa uliwonse. Ati mulimbikire, musaganize za kumudzi. Ati akuwerenga masiku kuti Khirisimasi ifike adzakuoneni.

Mukadzabwera, achimwene, mukadzatsika pamsewu n'kulowa pabwalo, musadzathamangire kuwapatsa dzanja mmene mumachitira muja. Mudzazungulire kaye, mudzagwade mbali yakumanja. Mukadzagwada kumanzere adzapitiriza kuyang'ana kunjira, kudikira mwana wawo.

Ndine mlongo wanu,
Rozaria